Giza yanga yafa kachitatu: kodi pulambala wodziwa ntchito timamuzindikira bwanji muno mu Zomba?

NaBanda_Matawale

Moni nonse, abale a muno mu Zomba. Ndabwera ndi dandaulo komanso pempho, ndipo mundikhululukire ngati nditalikitse nkhani. Ndimakhala ku Matawale m'nyumba imene tinagula zaka zisanu zapitazo, ndipo tinaipeza ili kale ndi giza, thanki yotenthetsera madzi ndi magetsi, ya malita 150 m'siling'i. M'mwezi wa Meyi, kuzizira kutangoyamba, madzi anasiya kutentha. Mnansi wanga anandilozera mnyamata wina amene amayenda ndi chikwama cha masipanala, ndipo iye atakwera m'denga anandiuza kuti elementi, chitsulo chotenthetsa madzi m'kati mwa giza, yapsa. Ndinamupatsa ndalama zogulira ina pamodzi ndi za ntchito yake, madzi n'kuyambanso kutentha. Pasanathe miyezi iwiri vuto lija linabwerera. Anabweranso, n'kunena kuti elementi imene anaika poyamba inali yachinyengo, ndipo ndinalipiranso. Tsiku lomwelo ndinamudandaulira kuti kapaipi kena kotulukira kunja kwa khoma kamadontha madzi m'mawa uliwonse, iye n'kukatseka. Tsopano madzi azizira kachitatu, pasiling'i ya chipinda cha ana paoneka banga lalikulu la chinyezi, ndipo mwini ntchitoyo sakuyankhanso foni.

Funso langa lili pawiri. Kodi chimene chikupsereza maelementi amenewa n'chiyani, popeza sindikukhulupiriranso kuti onse angakhale achinyengo? Ndipo kodi anzanga mumamuzindikira bwanji pulambala wodziwa ntchito musanamulowetse m'nyumba? Sindikupempha manambala a foni a abale anu ayi. Ndikufuna kudziwa zoyenera kufunsa ndi zoyenera kuyang'ana.

Mjomba_wa_Chinamwali

Pepani kwambiri, mayi. Musanawerenge mayankho ena onse, pitani pa bokosi la magetsi mukazimitse switchi ya giza, chifukwa madzi ndi mawaya zikakumana m'siling'i, nkhani yake siikhalanso ya ndalama. Anawo agone chipinda china usiku uno.

MmisiriWopuma

Mayi NaBanda, ine ndinagwira ntchito ya mapaipi zaka zoposa 30 ndisanapume, ndipo chimene chandidetsa nkhawa m'nkhani yanu si elementi, koma kapaipi kamene mnyamatayo anatseka. Kapaipi kameneko sikanawonongeke. Madzi akamatenthedwa amafufuma, ndipo malita 150 akachoka pa madigiri 20 kufika pa 60 amawonjezekera ndi malita awiri kapena kuposerapo pang'ono. Thanki ya giza ndi yachitsulo ndiponso yotsekeka mbali zonse, choncho madzi owonjezekerawo ayenera kupeza potulukira. Imeneyo ndiyo ntchito ya valavu imene imakhala pa paipi ya madzi ozizira, ndipo kudontha kumene munkaona m'mawa kunali chizindikiro chakuti valavuyo ili moyo. Munthu akatseka njira imeneyo, mphamvu yonse imatsalira m'thanki, ndipo chokutetezani chimatsala chimodzi chokha, ndicho valavu yachiwiri imene ili pa giza penipeni, yomwe imatseguka kutentha kapena mphamvu ya madzi ikapyola malire. Ndikuganiza kuti banga la pasiling'ilo ndi madzi ochokera ku valavu yachiwiriyi, ndipo ngati zili choncho muthokoze Mulungu, chifukwa njira ina yotsala inali yakuti thankiyo ing'ambike pamsoko.

Tibwere ku elementi. Chitsulo chimenechi chinapangidwa kuti chizikhala chomira m'madzi nthawi zonse, ndipo chikayaka chili pouma chimapsa m'mphindi zochepa chabe. Ndiye ndikufunseni: madzi akasiya kutuluka m'mipopi kwanuko, kodi pampopi wa madzi otentha pamatulukabe madzi kwa kanthawi? Nanga alipo amene amatunga madzi amenewo?

NaBanda_Matawale

Bambo, mwalasa penipeni. Madzi akachoka, monga zimachitikira akamakonza mapaipi a mumsewu, mtsikana wondithandiza ntchito amatsegula mpopi wa madzi otentha m'bafa n'kudzaza ndowa ziwiri kapena zitatu. Ine ndinkamuyamikira kuti ndi wanzeru, ndipo ndivomere kuti nthawi zina ndimatunga ndekha. Switchi ya giza sitimaigwira chaka chonse.

MmisiriWopuma

Ndiye kuti wopha maelementi anu si wa sitolo. Ndowa zitatu zimenezo zikuchokera m'thanki ya giza, ndipo popeza kulibe madzi olowa, mulingo wa madzi umatsika mpaka elementi kutsala pamtunda magetsi ali chiyakire. Musamudzudzule mtsikanayo, chifukwa giza yoikidwa bwino siilola zimenezi. Pamwamba pake pamayenera kukhala timavalavu tiwiri totchedwa vacuum breaker, kena pa paipi yozizira ndi kena pa yotentha, tokwezedwa masentimita pafupifupi 30 pamwamba pa thanki. Madzi akachoka, timavalavuti timalowetsa mpweya m'paipi, ndipo mpweyawo umadula kukoka kumene kukanatsitsa madzi a m'thanki. Pulambala wodziwa ntchito akapeza elementi yopsa amayang'ana kaye maonekedwe ake, n'kufunsa mafunso ngati amene ndakufunsaniwa. Wanuyo anasintha chitsulo kawiri osadzifunsa chimene chinachipha, ndipo akanabwera kachitatu akanasinthanso.

Mphunzitsi_Sadzi

Ine ndiyankhe funso lachiwiri. Vuto lathu ndi lakuti munthu aliyense amene anagwirako sipanala potumikira mmisiri kwa miyezi itatu amadzitcha pulambala, ndipo ife timachita manyazi kumufunsa mapepala. Chonsecho dziko lino lili ndi njira zodziwika zoyesera amisiri. Alipo amene analemba mayeso a trade test, amene amayambira Grade 3, kenako Grade 2, mpaka Grade 1 imene ndi yapamwamba, ndipo alipo ena amene anadutsa m'maphunziro oyang'aniridwa ndi TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999. Munthu amene anadutsa m'njira zimenezi anaphunzira chifukwa chake valavu iliyonse ilipo, ndipo sangatseke paipi yotulutsira madzi pofuna kusangalatsa mwini nyumba. Ine ndimapempha kuona chikalata ndisanakambirane za mtengo. Wina akakwiya ndi pempho limeneli ndimadziwiratu kuti wandiyankha kale.

Achimwene_Ndola

Aphunzitsi, ndikulemekeza maganizo anu, koma pepala silikwera m'siling'i. Amene anandiwonongera bafa chaka chatha anali ndi satifiketi yomata bwino m'pulasitiki, ndipo amene anadzakonza zowonongekazo ndi mkulu wina wa ku Mpondabwino amene sanalembepo mayeso aliwonse, koma anaphunzira ntchito kwa bambo ake. Ndiponso pa ntchito yosintha washala ya mpopi, kodi munthu angayambe kufufuza magiredi? Ine ndimafunsa nyumba zitatu zimene munthuyo anagwirako ntchito, ndipo imodzi ndimapitako ndi mapazi anga.

Mphunzitsi_Sadzi

Pa washala ndikugwirizana nanu, achimwene, pakuti imeneyo ngakhale mwana wa Fomu 2 angasinthe. Koma nkhani ya mayiwa ndi ya thanki ya madzi otentha imene ili pamwamba pa mitu ya ana. Pamenepo ndikufuna zonse ziwiri, pepala ndi mboni, ndipo sindikuona chifukwa chosankhira chimodzi.

MayiWaMahositelo_Chikanda

Ndili ndi nyumba zogonamo ophunzira a ku Chirunga, ndipo chifukwa cha mipopi ndi zimbudzi zimene ana amenewa amathyola teremu iliyonse, ndadutsa m'manja mwa mapulambala ambiri kuposa mmene ndikanafunira. Chimene chinandiphunzitsa si mapepala kapena mboni, koma kalipiridwe. Poyamba ndinkapereka ndalama zonse limodzi, za zipangizo ndi za ntchito, ndipo kawiri konse ndalamazo zinalowa m'madzi: wina anagwira theka la ntchito n'kunena kuti kwawo kwagwa maliro, maliro ake mpaka lero sanathe. Tsopano ndimachita chonchi. Mmisiri amabwera kudzaona vuto, ndipo ulendo umenewo ndimaulipira pawokha, ngakhale asagwire chilichonse. Kenako amandilembera papepala zipangizo zonse, kukula kwake ndi kuchuluka kwake, ndipo mtengo wa ntchito yake amaulemba padera. Zipangizo timakagulira limodzi ku hadiweya, lisiti n'kukhala yanga. Ndalama ya ntchito ndimapereka gawo limodzi mwa magawo atatu poyamba, yotsalayo ndimapereka madzi atatsegulidwa ndipo patapita tsiku lathunthu popanda podontha. Chitsulo chilichonse chimene wachotsa amachisiya m'manja mwanga. Mayi NaBanda, kodi maelementi awiri opsawo munawaona ndi maso anu? Ndikufunsa chifukwa ndinagwirapo wina akundigulitsa valavu yanga yomwe ataitsuka ndi sitiliwulo.

PulambalaWachinyamata

Ine ndine mmodzi mwa anthu amene mukuwakambawo, ndipo ndipemphe kuti mumvenso mbali yathu. Sindikuikira kumbuyo mnzanga amene anatseka paipi ija, pakuti chimenecho ndi cholakwa chachikulu. Koma taganizani mmene zimakhalira. Mwini nyumba amakuitana kuchokera ku Chikanda kupita ku Three Miles, umalipira kabaza ndi ndalama yako, umakwera m'denga lotentha, ndipo ukamuuza kuti kudontha kwa kapaipiko si vuto, amakuyang'ana ngati mbuli n'kuitana wina amene adzakatseke. Ukamuuza kuti pakufunika valavu yatsopano ndi mavacuum breaker awiri, amati ukufuna kumudyera masuku pamutu, iye akungofuna madzi otentha mawa m'mawa. Anthu ambiri safuna kulipira nzeru. Amalipira pokhapokha aone chitsulo chatsopano. Mmisiri wanjala amaphunzira msanga kuti kusintha elementi kumabweretsa ndalama, pamene kufotokoza choona kumabweretsa mkangano.

Za kugula zipangizo nokha, mayi a mahositelo akuchita bwino chifukwa amapita limodzi ndi mmisiri. Koma ena amapita okha n'kusankha chotsika mtengo, monga paipi ya PVC yoyera imene ndi ya madzi ozizira okha, n'kuumirira kuti ndiiike ku madzi otentha. Ikafewa n'kuphulika, dzina loipa ndi langa. Kumbukiraninso kuti zipangizo zambiri za giza zimachokera kunja, makamaka ku South Africa, ndipo kuyambira pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yake siikhazikika. Kotesheni imene ndalemba lero singakhale yomweyo pakatha mwezi, ndipo kumeneko si kuba.

NaBanda_Matawale

Mayi a ku Chikanda, ndichite manyazi ndinene zoona: sindinaone elementi ngakhale imodzi. Anati akataya yekha. Achimwene apulambala, mawu anu andilasa, chifukwa ndine ndinamukakamiza mnyamata uja kuti kapaipiko kasiye kunyowetsa khoma.

Injiniya_Kalimbuka

Pali chinthu china cha muno mu Zomba chimene sichinatchulidwe, ndipo mmisiri amene sakuchidziwa adzakuvutitsani ngakhale ali ndi mtima wabwino. Madzi athu amachokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri, ndipo a Southern Region Water Board akawayeretsa amatsikira m'tauni mwa kulemera kwake. Pa mamita 10 aliwonse amene madzi atsika, mphamvu yake imakwera ndi pafupifupi 100 kPa. Zoona, panjira pali mathanki amene amaidula mphamvuyo, koma nyumba imene ili kumunsi kwambiri poyerekeza ndi thanki yoidyetsa imalandira madzi amphamvu kuposa ya kumtunda, ndipo usiku, anthu akatseka mipopi, mphamvuyo imakweranso. N'chifukwa chake ena amadabwa kuti paipi imaphulika pakati pa usiku pamene palibe akuigwiritsa ntchito.

Pa giza iliyonse pali kachikwangwani kolembedwa mphamvu imene thankiyo ingapirire, ndipo zambiri za masiku ano zimalembedwa 400 kPa kapena 600 kPa. Valavu yochepetsa mphamvu ya madzi olowa mu giza iyenera kugwirizana ndi nambala imeneyo kapena kucheperapo, osati kuposa. Ndiye funso losavuta loyesera pulambala ndi ili: mufunseni kuti giza yanu ndi ya kPa zingati, ndiponso valavu imene akufuna kugula ndi ya zingati. Akayamba kukanda m'mutu, mupatseni ya kabaza abwerere. Wodziwa ntchito amakhalanso ndi geji yoyezera mphamvu ya madzi pampopi wa panja, ndipo kuyezako sikutenga mphindi zisanu.

Gogo_OldNaisi

Ana anga, ine ndimakhala m'nyumba imene inamangidwa Zomba akadali likulu la dziko, boma lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975, ndipo nyumba zoterezi zilipo zambiri kumtunda kuno. Mapaipi ake ndi achitsulo cha galavanaizi, ndipo dzimbiri linawadya m'kati mpaka njira ya madzi inatsala ngati ya udzu womwera. Kwa zaka zambiri ndinkaitana amisiri kudzazigamba pano ndi apo. Wina anamanga podontha ndi mphira wa chubu cha njinga, wina analumikiza paipi ya kopa mwachindunji ku yachitsulo, ndipo pamfundo pomwepo panabooka pasanathe zaka ziwiri, chifukwa zitsulo ziwirizi zikakhudzana m'madzi, cha galavanaizi chimadyeka msanga. Amene anandithandiza ndi mmisiri amene anakana ntchito. Anandiuza kuti sazigambanso, chifukwa akamasula mfundo imodzi ina imathyoka, ndipo anati ndisunge ndalama tisinthe mzere wonse ndi mapaipi obiriwira a PPR, amene amawalumikiza powatenthetsa ndi makina. Ndinakwiya naye mwezi wathunthu, kenako ndinamuitana. Ndiye mwa zizindikiro zonse zimene mwatchula, muwonjezepo ichi: mmisiri amene amatha kukuuzani kuti ayi.

Achimwene_Ndola

Popeza akatswiri alipo, ndifunse nanenso za giza. Kodi kuizimitsa masana kumapulumutsadi mayunitsi, kapena ndi zoona zimene ena amanena kuti kuyatsa ndi kuzimitsa kumapsereza elementi ndipo kumadya magetsi ambiri?

Injiniya_Kalimbuka

Tiwerenge limodzi, achimwene. Kutenthetsa malita 150 kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60 kumafuna mayunitsi pafupifupi 7, ndipo elementi ya 3 kW imagwira ntchito imeneyo m'maola awiri ndi mphindi 20 kapena cha pomwepo. Mayunitsi ambiri amapita pa madzi amene mwasamba, osati pa kusunga kutentha. Kuzimitsa kumapulumutsa gawo lokhalo limene thanki imataya ikangokhala, ndipo gawo limeneli limakula m'miyezi ya Juni ndi Julayi pamene chiperoni chazinga phiri. Zakuti kuzimitsa kumapsereza elementi si zoona, chifukwa thermostat, yomwe imayang'anira kutentha kwa madzi, imayatsa ndi kuzimitsa elementiyo kangapo patsiku ngakhale inu musakhudze switchi. Chimene sindivomereza ndi kutsitsa thermostat kufika pa madigiri 40 pofuna kusunga magetsi, pakuti m'madzi ofunda otero tizilombo ta Legionella, toyambitsa chibayo choopsa, timaswana bwino. Isiyeni pa 60. Ngati mukufuna kupulumutsa, uzani pulambala akutire mapaipi a madzi otentha ndi zotetezera kutentha, ndipo ana afupikitse nthawi ya m'shawa.

Mjomba_wa_Chinamwali

A injiniya awerenga bwino, koma kwathu kuzimitsa kunathandiza pa chifukwa china. Madzi otentha akakhalapo tsiku lonse, m'nyumba aliyense amatsukira mbale ndi kuchapira, pamene akakhalapo m'mawa wokha, anthu amasamba n'kusiya. Ndinaikitsa timer, ndipo amene anaiika ndi wamagetsi, osati pulambala.

NamwinoWausiku

Mawu omaliza a mjombawo ndiwatsindike. Ine ndinkamva kunyerenyetsa m'manja ndikagwira mpopi wa shawa, ndipo pulambala amene anasintha elementi yathu anati ndi mmene zimakhalira nyengo yozizira. Nditaitana wamagetsi anapeza kuti waya wa earth, woteteza munthu kuti asagwidwe ndi magetsi, sunabwezeretsedwe pa giza, ndipo chivindikiro cha pamawaya chinasiyidwa pambali. Giza ndi malo amene ntchito ziwiri zimakumana, ndipo si pulambala aliyense amene amadziwa mbali ya magetsi. Oika magetsi m'nyumba amayenera kukhala ndi chilolezo cha MERA, choncho ngati mawaya a m'siling'i mwanu anyowa, mayi NaBanda, aoneni ndi munthu wa chilolezo musanayatsenso switchi. Mpopi ukangoyamba kugwira munthu, musadikire kuti muone ngati mawa udzasiya.

Wobwereka_StMarys

Nonse mukulankhula ngati eni nyumba, nanga ife a lendi titani? Thanki ya chimbudzi kwathu yakhala ikuchucha miyezi itatu, bilu ya madzi ndimalipira ndine, ndipo alandilodi amangoti atumiza munthu wawo. Munthu wawoyo akabwera amapinda waya wa mpira woyandama uja n'kumapita, pakatha sabata madzi n'kuyambiranso. Kodi ndingaitane pulambala wanga n'kuchotsa ndalamazo pa lendi?

MayiWaMahositelo_Chikanda

Monga landilodi ndikuyankheni mosabisa, mwana wanga. Musachotse ndalama pa lendi musanagwirizane, chifukwa mkangano wake udzaposa mtengo wa valavu. Jambulani podonthapo, jambulaninso mita, mutumize uthenga wolemba wokhala ndi kotesheni, ndipo mupemphe kuti avomere molemba kuti mukonzetse n'kuchotsa pa lendi. Ambirife timavomera, chifukwa zimatichotsera ntchito. Akakana kapena akakhala chete, wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko: valavu ya m'thanki ya chimbudzi ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi madzi amene mukulipira mwezi ndi mwezi, choncho isintheni, musunge lisiti ndi valavu yakaleyo, mudzakambirane potuluka m'nyumbamo.

Mphunzitsi_Sadzi

Pa nkhani ya mita, pali kuyesa kumene aliyense angachite asanaitane mmisiri. Tsekani mipopi yonse madzulo, lembani manambala onse a pa mita kuphatikizapo ofiira, ndipo usiku umenewo pasakhale wotsegula madzi kapena kugujumula chimbudzi. M'mawa muwerengenso. Ngati manambala asuntha, madzi akutayika penapake kumbali yanu, ndipo zonse za kuseri kwa mita kulowera kunyumba ndi udindo wa mwini malo, pamene za kutsogolo kwa mita ndi za a Water Board. Kumbukirani kuti nambala imodzi yakuda ndi malita 1,000. Kuyesa kumeneku kumathandizanso pulambala akamaliza ntchito, chifukwa mita siikondera munthu. Ndipo pulambala amene angakuuzeni kuti akhoza kulambalalitsa paipi kuti madzi asadutse pa mita, muthamangitseni, pakuti mlandu wake udzagwera inu.

MmisiriWopuma

Ndibwerere kwa mayi NaBanda, popeza munthu akwera kale m'denga, asatsike atangosintha elementi. Awa ndi mawu amene ndinkauza anyamata anga. M'kati mwa thanki muli ndodo ya magnesium yotchedwa anode, imene ntchito yake ndi kudyeka m'malo mwa thanki; ikatha, dzimbiri limayamba kudya thankiyo, ndipo thanki ikabooka siikonzedwa. Zaka zisanu mwakhala m'nyumbamo, ndipo sindikukhulupirira kuti eni ake akale anaisinthapo. Aitulutse muione. Asinthenso gasiketi ya pa elementi, ayese thermostat, atsimikize kuti pansi pa giza pali thireyi yolandira madzi yokhala ndi paipi yake yotulukira kunja, ndipo paipi ya valavu yachitetezo, yachiwiri ija, ikhale yachitsulo, chifukwa madzi otuluka mmenemo amakhala owira. Pomaliza, adzaze thanki mpopi wa madzi otentha uli wotsegula mpaka mpweya wonse utatha, ndipo pokhapo ndiye ayatse magetsi. Madzi a m'phiri muno sasiya miyala yambiri pa elementi ngati a m'mijigo ya kufupi ndi nyanja ya Chilwa, amene ambiri ndi amchere, choncho elementi yabwino iyenera kukutumikirani zaka, osati miyezi.

NaBanda_Matawale

Abale, ndabweranso kudzakuuzani mmene zathera. Ndinaitana amisiri awiri masiku osiyana, ndipo aliyense ndinamulipira ulendo wodzaona, monga anandilangizira mayi a ku Chikanda. Woyamba sanakwere n'komwe m'denga. Anaima m'chipinda, n'kuyang'ana bangalo, n'kunena kuti giza yonse yatha, ndigule yatsopano ndipo iye akudziwa kogula. Wachiwiri anayamba wayeza mphamvu ya madzi pampopi wa panja, anakwera ndi tochi, n'kutsika ndi zithunzi m'foni. Zimene ananena bambo MmisiriWopuma ndi zimene zinapezeka. Paipi ya valavu yoyamba inatsekedwa ndi pulagi, valavu yachitetezo inkalavulira madzi pa matabwa chifukwa paipi yake inali itaguluka, thireyi panalibe, ndipo vacuum breaker panalibe ngakhale imodzi. Nditamufunsa funso la a injiniya anayankha asanaganize kuti thankiyo ndi ya 400 kPa. Anali ndi chikalata cha Grade 2, ndipo anandipatsa nyumba ziwiri za ku Matawale konkuno, imodzi ndinapitako.

Thanki ndi yabwinobwino. Tinakagulira limodzi elementi, gasiketi, anode, mavacuum breaker awiri, valavu yachitetezo yatsopano ndi thireyi. Anode yakale inali itatsala ngati waya, ndipo ndaisunga pamodzi ndi elementi yopsa, imene inali yotupa ndi yong'ambika kunsonga. Wamagetsi anabwera tsiku lotsatira n'kusintha chidutswa cha waya chimene chinanyowa. Zonse pamodzi zandidyera ndalama zoposa zimene ndinalipira mnyamata uja maulendo awiri aja, ndipo siling'i ikudikirabe kalipentala. Kapaipi kaja kayambanso kudontha m'mawa, ndipo ndaikapo chidebe, madzi ake ndikuthirira maluwa.

PulambalaWachinyamata

Mayi, ngati chidebecho chiyamba kudzaza kuposa malita ochepa patsiku, kapena kapaipiko kakamachucha osaleka ngakhale giza ili yozimitsa, muitaneni mnzangayo adzaone valavu ya pa paipi yozizira, chifukwa mwina mwalowa mchenga. Kodi ndalama yake yotsala mwamupatsa?

NaBanda_Matawale

Ndamupatsa dzulo madzulo, achimwene, nditawerenga mita m'mawa n'kupeza kuti sinasunthe usiku wonse.